Malaya a Mtundu wa Ukonde

Ntchito yanga ndi yogulitsa nsalu. Ndimapikula kwa amwenye pa boma la Nkhotakota, n'kumanga mtolo pa njinga, kutsika mpaka ku Benga, kukwera mpaka ku Kanyenda. Munthu ndikangomuyang'ana ndimadziwa mayadi amene angamukwane, ndipo kawirikawiri ndimadziwanso chimene apemphe asanatsegule pakamwa. Msilamu afuna yoyera ya mkanjo. Wa ku mishoni afuna kaki. Wochokera ku Halale safuna nsalu n'komwe, amangofunsa ngati ndili ndi tayi. Kwathu kuno chovala chimanena za munthu mwiniwake asanapereke moni. Koma alipo munthu mmodzi amene maso angawa analephera kumuika m'gulu lililonse. Ameneyo ndi a Filipo Useni, msodzi wa kumene mtsinje wa Bua umathira m'nyanja.

A Filipo anabadwira pa boma, m'banja la Chisilamu, ndipo dzina lawo loyamba linali Useni. Bambo awo ankagwira ntchito m'zombo za matanga zowoloka nyanja. Chovala choyamba cha Useni chinali mkanjo wodula ku mkanjo wakale wa bambo akewo, wautali dala kuti akuliremo. Bambo anga, a Kalilu, ankakhala naye mphasa imodzi ku madrasa, ndipo amati mnyamatayo sankatha kuthamanga osaupindira m'chiuno, mwakuti tsiku ndi tsiku ankakalipiridwa chifukwa choonetsa mawondo.

Atakula anatsata nsomba za mpasa ku Bua, ndipo kumeneko anakumana ndi a Rute, mwana wa banja la Angilikani. Analowa kalasi, nabatizidwa dzina la Filipo. Mkanjo anavula, navala kabudula ndi shati za kaki monga Akhristu anzawo. Pambuyo pake abale awo awiri anawatsatira ku Bua ndi kubatizidwanso: mlongo wawo Rebeka ndi mng'ono wawo Timoteyo.

Msonkho utavuta, a Filipo anapita ku Halale kukaphika m'nyumba ya mzungu. Kumeneko anawaveka zoyera zouma ndi sitachi, za kolala yoluma khosi. Pobwerera kumudzi anachita zimene aliyense wochokera kumeneko amachita: anagula suti yakuda yaubweya, nsapato ndi chipewa. Mudzi wonse unatuluka kudzaona. Koma suti yosokera dziko lachisanu si ya kunyanja kuno. Lamulungu lililonse ankanyamula nsapato paphewa mpaka pakhomo la tchalitchi, n'kukhala m'katimo thukuta likuyenderera kumsana. Pomatuluka khosi lili tiziphuphu tokhatokha.

"Mkanjo anandiveka ndi bambo anga," anandiuza tsiku lina tikudya chinangwa chootcha pagombe. "Kaki anandiveka ndi mpingo, zoyera ndi mzungu, suti ndi maso a anthu. Ndinafika pomera imvi, iwe Sufiyani, ndisanadzifunsepo kuti kodi thupi langali limakonda chiyani."

Chimene thupi lawo linkakonda chinali chovala chimene sankachiwerengera n'komwe: chimalaya chotakasuka cha nsalu yoyera wamba, chimene ankavala posoka ukonde. Akachokera ku tchalitchi ankathamangira chimenecho ngati munthu waludzu. Vuto lake linali limodzi, kuyera. Mamba a nsomba, matope a m'Bua, zonse zinkaonekera, ndipo a Rute anatopa n'kuchapa.

Asodzi a kuno amawiritsa makungwa a mitengo mumgolo n'kunyikamo maukonde kuti asaole ndi madzi. Ukonde umatuluka wofiirira, mtundu wa chulu chonyowa. Tsiku lina a Filipo akuvundula mgolowo, madzi ake anawatayikira pachifuwa ponse. A Rute atayesa kuchapa, banga silinachoke.

"Inu abambo, mwanditopetsa," anatero. "Ngati mukufuna kukhala ukonde, khalani ukonde thupi lonse!"

Anatenga malayawo n'kuwaponya mumgolo. Anachita mokwiya, koma atawayanika pamchenga, onse awiri anangoima kuwayang'ana. Banga linali litasowa. Nsalu inalimba, ndipo itachapidwa kangapo inafewa ngati chikopa chofufuta bwino. Dothi silinkaonekanso. A Filipo anavala, natambasula manja, nazungulira kamodzi pamaso pa akazi awo ngati mnyamata wa gule.

Kuyambira pamenepo ndi pamene ine ndinalowa m'nkhaniyi, chifukwa nsalu ankagula kwa ine, mayadi atatu ndi theka ulendo uliwonse. Ankapita nayo kwa a Abasi, telala wa pakhonde la sitolo, ndipo malaya aliwonse atsopano ankasiyana pang'ono ndi apitawo. Oyamba anali aatali, nawakola pokwera bwato, choncho anawadula kulekeza m'mawondo ndi kuwang'amba pang'ono m'mbali zonse ziwiri. Manja anawalekeza m'zigongono kuti asamanyowe popalasa. Kolala anaikana. Anapempha khosi lozungulira ngati la mkanjo, pakuti chimenecho chokha ndicho ankachikumbukira mokoma pa chovala cha ubwana wawo. Kenaka anafuna thumba lalikulu pachifuwa, lolowa singano ya ukonde ndi fodya.

"Bwana Useni, ichi n'chiyani tsopano?" anadandaula a Abasi, amene sanasiye kuwaitana dzina lakale. "Mkanjo si mkanjo, shati si shati. Anthu akafunsa wasoka ndani, musanditchule."

"Soka iwe. Akafunsa ndidzati anasoka ndi mphepo ya mwera."

Chomaliza chinali mabatani. A Filipo anatsegula bokosi, nadula mabatani akuda a suti ija, nawasokerera okha pa malaya awo. Pa zonse za ku Halale anapitiriza kuvala chipewa chokha, chifukwa chimenecho ankachikondadi.

Anthu sanachedwe kulankhula. Akulu ena a mpingo ankanong'onezana kuti Filipo wayamba kubwerera kumzikiti pang'onopang'ono. Abale awo a Chisilamu pa boma ankaseka kuti mkanjo wa Useni unapsa ndi moto wa Akhristu mpaka kufupika. Ana ankawakuwiza kuti "Aukonde!" Iwo ankangovula chipewa n'kuwawerama anawo ngati alandira ulemu waukulu. Patapita nthawi dzinalo linasiya kukhala chipongwe. Bwato lawo likakhala kutali, anthu pagombe ankaloza kadontho kofiirira n'kunena kuti a Filipo ndi awo.

Mayeso enieni a malayawa anabwera chaka chimene nkhani ya Chitaganya inali pakamwa pa aliyense. A Rebeka, mlongo wawo uja, anali ndi mwana mmodzi, Muriel. Bambo a mwanayo anatchona ku Joni iye akuyamwa, ndipo amene anamulera ndi kumulipirira sukulu ndi malume ake, a Filipo. Muriel anapeza mwamuna, Hubert, kalaliki wa pa boma, wa m'banja la aphunzitsi ndi makalaliki okhaokha. Malume a Hubert, a Maganizo, mphunzitsi wopuma ntchito, anabwera ku Bua kudzafunsira. Anawapeza a Filipo pagombe akusoka ukonde, nakambirana pomwepo atakhala pa bwato lovundikira, ndipo anagwirizana za tsiku la chinkhoswe.

Kwa a Filipo, kuima ngati nkhoswe ya Muriel chinali chinthu chachikulu kuposa china chilichonse. Nkhoswe ndiye amalandira tambala wa kuchimuna, ndiye amaima kumbuyo kwa mwana pa ukwati, ndipo banja likadzagwedezeka, khomo loyamba kugogoda ndi lake. Iwo ndi a Rute sanakhale ndi mwana wamoyo. Muriel ndiye anali maso awo.

Ndinali pakhonde pawo ndikumasula mtolo pamene a Rebeka anafika, nakhala pansi osayankha bwino moni.

"Achimwene, ndabwera ndi mawu amodzi. Pa chinkhoswe muvale suti."

"Suti ya chiyani, amake Muriel? A Maganizo anandiona kale mmene ndilili."

"Anakuonani pa ntchito. Tsikulo kubwera amayi ake a Hubert, a Lettie, amene amavala magolovesi ku tchalitchi. Mwana wanga akukakhala pakati pa anthu amenewo. Mukufuna azikamuloza kuti uyo malume ake amavala ukonde? Inu mudzatsala kuno ndi nsomba zanu. Wokamva mawuwo tsiku ndi tsiku ndi iyeyo."



"Mukakana," anapitiriza a Rebeka, "ndiuza Timoteyo aime ndiye. Iye majekete ali nawo."

A Rebeka sanali munthu woipa mtima. Anakula akuitanidwa mwana wa amalinyero, nakalamba akuitanidwa mkazi wosiyidwa, ndipo sankafuna kuti mwana wawo adzamveko dzina lachitatu. A Filipo anazidziwa zimenezo. Atachoka mlongo wawoyo, anatulutsa suti m'bokosi. Njenjete zinali zitadya kumsana ngati sefa, mabatani kulibe, ndipo mwiniwake anali atanenepa mapewa ndi nkhafi.

Ine mumtolo mwanga ndinali ndi jekete imodzi yovalidwapo kale, yotuwa, yabwino ndithu. Ndinaitulutsa msanga. Ndinayeza mapewa awo ndi maso n'kuona kuti ikuchepa ndi zala ziwiri, koma ndinati ikhoza kupirira tsiku limodzi. A Timoteyo anabwereketsa shati, tayi, thalauza ndi nsapato. Atavala zonse, a Rute anawazungulira, nagwira pakamwa.

"Odi, bwana. Mwawaonako amuna anga kumene mukuchokerako?"

"Usandiseke, Rute. Ndi za mwana."

Chinkhoswe chinachitikira pansi pa mango pabwalo la a Rebeka, mwezi wa Novembala mvula isanagwe, dzuwa lili paliwombo. A kuchimuna anakhala mbali imodzi: a Maganizo ndi ndodo yawo, a Lettie ndi ambulera, Hubert ali chowerama, ndi mnyamata wa kwawo atafungata tambala wofiira. Mbali inayi kunali ife. A Filipo anakhala pa mpando kutsogolo, owuma ngati mtengo wa bwato. Tayi inawakwera kukhosi, manja sankatha kuwapinda, ndipo nsapato zinawatsina mwakuti phazi limodzi ankalitukula mobisa.

Itafika nthawi yoti alandire alendo, anaimirira. Tonse timadziwa kuti a Filipo akalankhula pa mlandu kapena pa maliro, ngakhale wa kutsidya kwa Bua amamva. Tsiku limenelo mawu anatuluka ang'onoang'ono, odukaduka. Anayamba chiganizo, nachisiya, napukuta thukuta, nayambanso china. Anaiwala ngakhale kutchula dzina la mudzi wa alendowo. Muriel, amene anali pamphasa pakati pa amayi, anadzutsa mutu kuwayang'ana, nauweramitsanso msanga.

A Maganizo anatsamira ndodo yawo, natsinzinira diso limodzi.

"Pepani, eni mudzi, kapena tasokera. Ife tinapangana ndi munthu wina pagombe. Anali wofiirira, mawu ake ankathamangitsa akakowa. Nanga abwana awa ndi a ofesi iti? Tambala wathuyu sitingapereke kwa munthu amene sitikumudziwa."

Anthu anaseka, pakuti ankhoswe amaselewulana chomwecho. Koma a Rebeka sanaseke, ndipo a Filipo sanaseke. A Filipo anayang'ana Muriel, natembenuka, nalowera kuseri kwa nyumba. A Rute ananyamuka kuwatsata ndi dengu lawo lovundikira. Pambuyo pake ndinamva kuti malaya ofiirira anali m'dengumo kuyambira m'mawa, pansi pa mpunga wa mphatso, opindidwa bwino ndi ositidwa.

A Filipo atatulukira, bwalo lonse linatembenuka. Malaya olekeza m'mawondo, mabatani akuda, chipewa cha ku Halale, mapazi pansi. Jekete yanga anaipinda nandipatsa podutsa.

"Achimwene!" a Rebeka anadzuka pamphasa. "Ndinanena. Timoteyo, imirira!"

A Timoteyo, amene ndi kapitawo wa anthu okonza msewu, anakanda kumutu osadzuka.

"Achemwali, ine ndimagona kumene msewu wafika. Lero Benga, mawa sindidziwa. Mwanayu akadzalira adzandipeza kuti? Majekete ndili nawo, koma khomo ndilibe."

A Filipo sanadikire kuti mkangano ukule. Anavula chipewa, nayang'ana alendo, ndipo mawu awo enieni anabwerera.

"Anzathu a ku boma, takulandirani. Munthu munapangana naye uja ndine. Ndine msodzi. Mwana mukumufunayu wakula ndi mpasa za m'Bua, ndipo sukulu yake inalipiridwa ndi manja awa. Mlongo wangayu akuopa kuti kwanu mudzamunyoza chifukwa cha malume ake, ndipo mantha akewo ndi a mayi, sindiwatsutsa. Ine ndinayesa kubisala m'jekete kuti ndimuthandize, mwaona nokha kuti ndinasowamo ndi mawu omwe. Tsono ndikupempha chinthu chimodzi. Ngati pali chonyoza, nyozani lero, mwanayu akadali pabwalo pathu, mubwerere ndi tambala wanu mwamtendere. Musadzamunyoze atafika kwanu, kumene kulibe womuyankhira."

Ine ndinagwira jekete ija mwamphamvu mpaka inakwinyika. Maso onse anapita kwa a Lettie. Iwo anatseka ambulera pang'onopang'ono, nayang'ana a Filipo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo pamapazipo anakhalitsa.

"Malayawo ndi anu, ife sitivala nawo," anatero. "Koma m'tchalitchi pa ukwati wa mwana wanga, nsapato mudzavala."

"Mayi, ndidzavala. Kuyambira pakhomo mpaka pa Ameni womaliza. Kupitirira apo musandipemphe."

Woyamba kuphulika ndi kuseka anali Hubert, amene anaiwala kuti mkamwini amakhala chete. Amayi analuluta. A Maganizo analanda tambala kwa mnyamata uja, nayenda naye okha mpaka pakati pa bwalo.

"Eya, munthu wathu uja wapezeka. Landirani, ankhoswe anzanga. Zikadzavuta tidziwa kofunsa."

A Filipo analandira tambalayo ndi manja awiri, namufungata pachifuwa pamwamba pa thumba la fodya, napereka msoti wa kuchikazi. Muriel ankalira ndi kuseka nthawi imodzi, nkhope ataibisa m'nsalu ya a Rute.

A Rebeka sanawalankhule achimwene awo kwa masiku angapo. Koma ulendo wotsatira nditafika ku Bua, anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Iwe mwana wa Kalilu, achimwene amagula nsalu yochuluka bwanji?"

"Mayadi atatu ndi theka, mayi."

"Dula. Isakhale yopyapyala. Ngati akufuna kutichititsa manyazi, atichititse ndi nsalu yabwino."

Anainyika okha m'makungwa, mobwerezabwereza, mpaka inada bwino kuposa malaya onse a m'mbuyo. A Abasi anasoka, ndipo ulendo uno anauza aliyense wodutsa pakhonde kuti wasoka ndi iwo. Pa ukwati a Filipo anaima kumbuyo kwa Muriel pakati pa masuti akuda ndi madilesi oyera, ofiirira okha m'tchalitchi chonse, mutu uli m'mwamba. Ameni womaliza atamveka, nsapato zinali kale paphewa.

Anyamata ena a ku Bua anayamba kundipempha nsalu yoti akanyike ngati a Filipo. Ine ndinakondwa, pakuti malonda ndi malonda, ndipo ndinayamba kale kuganiza zopikula mpukutu wathunthu. Koma a Filipo ankawafunsa mmodzimmodzi kuti, "Iwe ukafika kunyumba utatopa, umathamangira kuvala chiyani? Yambira pamenepo, usayambire pa ine." Ena anabwerera ku kaki, wina anapeza kuti amakonda biriwita ngati amayi ake, ndipo awiri okha ndiwo anakhalabe ndi makungwa. Mpukutu sindinapikule, koma ndinaphunzira kufunsa munthu funso lomwelo ndisanamasule mtolo, ndipo makasitomala anga tsopano sabweza nsalu. Jekete yotuwa ija ndinakaigulitsa ku Benga kwa mlimi wina wa mpunga amene amaikonda moona. Amaivala ngakhale popita kudimba, ndipo imamukhala ngati anabadwa nayo.

Chaka chatha Muriel ndi Hubert anakangana koyamba, nkhani ya mlamu amene anabwera kudzacheza n'kukhazikika. A Maganizo anatuma munthu wa njinga ku Bua kukaitana nkhoswe. Munthuyo anali mlendo kuno, ndipo dzina analiiwala panjira. Atafika pagombe anangofunsa amayi oyanika usipa kuti, "Ndikufuna bambo wa malaya a ukonde." Amayiwo sanadzuke n'komwe. Mmodzi analoza ndi chibwano kunyanja, kumene kadontho kofiirira kankapalasa kulinga kumtunda. Tsiku lomwelo a Filipo anakwera pa kaliyala ya njingayo, chipewa atachigwira ndi dzanja limodzi, kupita ku boma kukakonza banja la mwana wawo.